Mfuti za Verlin M'kabati Mwanga

Lolemba, 13 Januwale

Kuzizira koopsa. Madzi a nkhosa aundana m'chomwera, ndachita kuswa ndi nkhwangwa. Nkhosa zonse zili bwino, kupatula yakhutu long'ambika ija, ikutsimphinabe. Kuswa ziyamba kumapeto kwa mwezi.

Masana waimba foni Duane Fossum, wapampando wa kalabu yathu ya alenje. Munthu uja akaimba sapereka moni. Akuti kunyumba ya malamulo ya chigawo chathu kwalowa bilu ya mfuti, Lachinayi tonse tikakumane kuholo. Mawu ake: "Merle, ulendo uno atigwira pakhosi." Chaka chilichonse amatero. Koma lero wandiwerengera ndime imodzi pafoni. Wopatsa mnzake mfuti, kaya kumugulitsa, kumubwereka kapena kumusungitsa, azidzera kwa wogulitsa mfuti wachilolezo, wolandirayo afufuzidwe mbiri. Kupanda kutero, mlandu kwa onse awiri. Achibale okha ndiwo sizikuwakhudza.

Ndati, zamkutu. Ine ndinaphunzira kuwombera pa mfuti yobwereka kwa mnansi, bambo anga analibe yaing'ono. Olemba zimenezi sanaonepo nkhandwe ikutumbula mwana wa nkhosa.

Nditaika foni ndi pamene ndakumbukira. Mfuti za Verlin. Zili m'kabati yanga yachitsulo chiyambire Novembala. Verlin Kratochvil si m'bale wanga. Mnansi chabe, wa tsidya la chigwa, tinkakhala benchi imodzi kusukulu.

Ndiye kuti ndine chigawenga? Kapena ndidzakhala chigawenga lamulo likadutsa? Mayi wa m'nyumba muno, Ardis, akuti ndimwe kaye msuzi usanazizire, kundende kulibe wotere.

Lachinayi, 16 Januwale

Msonkhano wa kalabu. Holo yodzaza, ngakhale aja amangobwera pakakhala nyama yowotcha. Khofi wofooka ngati madzi otsukira makapu.

Duane anayamba ndi malamulo oyendetsera dziko lino la Amereka, kuti ufulu wokhala ndi mfuti unalembedwa momwemo, si mphatso ya aphungu. Apo palibe wotsutsa, nanenso ndinawomba m'manja. Kenako anatsegula bilu, mulu wa mapepala. Ili ndi magawo awiri. Loyamba lija la kupatsana mfuti. Lachiwiri: wachibale kapena wapolisi akaona kuti munthu angadzivulaze kapena kuvulaza ena, apite kwa woweruza, woweruza alamule kuti mfuti zake zilandidwe, mwini wake asanamvedwe n'komwe. Adzadziteteze pambuyo.

Phokoso. Wina akuti ndiye kuti mkazi amene munasiyana moipa akhoza kungokunamizira. Wina akufunsa ngati kupatsira mnzako mfuti kuti akugwirire iwe ukudumpha mpanda ndi mlandunso. Duane akuti inde. Mphunzitsi wina wopuma pantchito akuti ayi, pali ndime yolola posaka. Anaifunafuna, osaipeza, kenako anaipeza, n'kupezeka ikunena zina. Anthu awiri, pepala limodzi, mayankho atatu.

Ndiye pakamwa pangapa. Ndinaimika dzanja, ndati tiyerekeze kuti munthu wasungira mnzake mfuti chifukwa mnzakeyo ali pa chisoni. Duane maso kuwala. "Nkhani tikuifuna ndi yomweyo. Pa 28 komiti ya aphungu ikumva maganizo a anthu kulikulu. Ukayankhule ndiwe." Ndati ndimangoyerekeza. Wati, "Iwe Merle, chibadwire sunayerekezepo kanthu."

Verlin kunalibe. Mwayi wake, kapena wanga.

Lachisanu, 17 Januwale

Ndamuuza Ardis za dzulo. Anasiya kukanda buledi. "Nkhani si yanu imeneyo. Munthu uja anakusungitsani mfuti ndi pakamwa pomwe."

Sindinailembepo m'buku muno, ndiilembe lero. Panali patangopita sabata chiikire Maxine, mkazi wake, m'manda. M'mawa, ine ndikudyetsa nkhosa. Galimoto yake inaima pakhola. Anatsika ndi mtolo wokulungidwa m'bulangete. Mfuti ziwiri zazitali zosakira, imodzi ya mbalame, ndi kakafupi ka m'manja. "Undisungire izi. M'nyumba muja bata lachuluka." Sindinafunse kanthu. Anakana khofi, anandithandiza kutsitsa udzu, n'kumapita. Chiyambire tsikulo sitinaitchulenso.

Lamuloli likanakhalapo, akanayenera kunditenga kupita m'tauni, kukadzaza mapepala pamaso pa anthu ogula zipolopolo, kusitolo kumene wogulitsa wake ndi mlamu wa Duane. Pofika madzulo tauni yonse ikudziwa kuti Verlin mutu sukuyenda. Sakanapita. Ndimamudziwa. Akanangokhala nazo m'nyumba ya bata ija. Izi ndiye sindikukayika, ndipo aphungu ayenera kuzimva.

Koma azimva bwanji popanda kumuvula Verlin pagulu?

Lamulungu, 19 Januwale

Tchalitchi. Malo a Verlin opanda munthu.

Titadya waimba Kendra. Mwana wathu mmodzi yekhayo, namwino kuchipatala chachikulu mumzinda, kumene amafikira ovulala. Amake anamuuza kale zonse, ndinamvera m'mawu.

"Ababa, mukakatsutsa bilu ija ndidzachita manyazi." Ndati manyaziwo uyambiretu lero. Wati ine ndimaona mfuti ili pakhoma, iye amaona zimene yachita. Ndati ine ndimaonanso zimene yaletsa, ndipo zimenezo sizifika kuchipatala kwako. Ndamukumbutsa chaka chija ali wakhanda, ine ndili kumsika wa nkhosa, amuna awiri atabwera pakhomo pano akuti akufuna mafuta a galimoto, wina akuzungulira kuseri. Amake anangotulukira pakhonde ndi mfuti ya mbalame, osaloza munthu. Anthu aja anakumbukira kuti mafuta ali nawo. Apolisi anafika mwana atagona kale, thewera litauma. Kendra akuti nkhani imeneyo waimva kambirimbiri, ndipo palibe akufuna kulanda amake mfuti. Ndati lero palibe.

Akuti bilu ili ndi ndime yolola kusungira munthu mfuti ngati moyo uli pangozi "nthawi yomweyo". Ndafunsa, miyezi iwiri ndi nthawi yomweyo? Wati afunsa. Afunsa ndani? Duane sakudziwa, mphunzitsi sakudziwa, mwina olembawo sakudziwanso.

Asanadule wati, "A Verlin munawafunsapo mwachindunji?" Ndati kufunsa chiyani. "Ngati akuganiza zodzipha. Mawu ake enieniwo, osazungulira." Ndati amuna a kuno safunsana zotero. Wati, "Ndikudziwa, Ababa. Ndimawalandira ndine."

Lachiwiri, 21 Januwale

Chipale chofewa usiku wonse, msewu watsekeka mpaka masana. Ndinaima pakhola kuyang'ana tsidya lija. Utsi ukutuluka pachumuni cha Verlin. Ndazindikira kuti ndakhala ndikuyang'ana utsi umenewu m'mawa uliwonse osadziuza.

Udzu wouma ukutha msanga chaka chino. Bondo likupweteka.

Lachitatu, 22 Januwale

Verlin wabwera. Ndevu zometa, malaya osita, akununkhira sopo. Chichokere kumaliro sindinamuone chonchi. Wadya mabisiketi a Ardis, waseka za Duane. Mtima wanga unakhala pansi.

Kenako watsitsa m'galimoto makina ake ochekera mitengo, akuti ndizigwiritsa ntchito ine, iye msana sukumulola. Nkhuku za Maxine akuti wagawira amayi a kutchalitchi. Ndiye wati, "Undipatse imodzi mwa mfuti zazitali zija. Nkhandwe zandiphera kamwana ka ng'ombe."

Ndinayang'ana pansi. Ndati kiyi wa kabati sindikumuona, mwina ali m'jekete lomwe Ardis wapititsa kochapitsa. Bodza la mwana. Kiyi ali m'thumba, ndikumumva pantchafu.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndi zanga, Merle." Ndati ndikudziwa. "Sindinakugulitse." Ndati ndikudziwa. Anavala chipewa, anathokoza Ardis, n'kumapita mosathamanga.

Munthu wometa ndevu, wogawa katundu wake. Wachira, kapena wamaliza kuganiza? Ardis akuti sakudziwa. Ardis amene amadziwa chilichonse.

Moyo wanga wonse ndakhala ndikunena kuti palibe woyenera kuima pakati pa munthu wosalakwa ndi mfuti yake. Lero ndaimapo ine. Popanda woweruza, popanda pepala, popanda kokadandaula. Bilu ya aphungu ndiye ili bwinoko, imamupatsa munthu tsiku la kukhoti.

Ayi. Si zofanana. Anabweretsa yekha.

Koma wabweranso yekha kudzatenga.

Lachinayi, 23 Januwale

Ndawerenga bilu yonse patebulo la kukhitchini, mutu mpaka kuwawa. Zomwe ndatolapo: m'gawo loyamba sindine m'bale, choncho sindiloledwa kusunga. M'gawo lachiwiri sindine m'bale, choncho sindingapite kwa woweruza. Mnansi mulibemo. Munthu amene amadziwa ngati wakoleza moto m'mawa kapena ayi, mulibemo. Mwana wa Verlin amene amakhala kugombe la kumadzulo, woimba foni pa Khirisimasi pokha, iyeyo ndiye alimo.

Chonditsalira chingakhale kuuza apolisi. Ndayesa kuziona m'maganizo. Galimoto ya nyali ikulowa pabwalo la Verlin, wapolisi pakhomo, pepala m'manja. Sangandikhululukire. Ndipo amuna onse a kukalabu angaphunzirepo chinthu chimodzi: ukakhala pa mavuto, tseka pakamwa, usauze mkazi, usauze mnzako, usauze dokotala. Ndicho ndikuopa pa lamuloli. Pamenepa ndikuona kuti sindikulakwitsa.

Ndamuimbira Kendra kumuuza zomwezo. Anamvetsera mpaka kumapeto, zachilendo. Kenako wati, "Nanga amene alibe a Merle tsidya la chigwa, Ababa?" Ndamufunsa ngati kumzinda kukugwanso chipale.

Duane waimba, sindinayankhe. Makina ochekera aja ndawasiya pakhomo la khola, sindikufuna kuwalowetsa.

Loweruka, 25 Januwale

Ndadzuka kusanache, ndatenga mfuti yanga, ulendo kwa Verlin. Ngati vuto ndi nkhandwe, ndiziphe ine.

Kamwana ka ng'ombe kalipodi, kuseri kwa khola, mimba yotumbulidwa, kataundana. Sananame. Manyazi anandigwira.

Tinakhala m'galimoto, injini yozimitsa, kuyang'ana kumpanda. Nkhandwe sizinabwere. Kuzizira kukulowa m'mafupa, mawu a Kendra akungozungulira m'mutu. Kenako ndinangotaya mawuwo, maso ali pagalasi la kutsogolo: "Verlin, ukuganiza zodzipha?"

Sanakwiye. Anapukuta mphuno. "Lero ayi." Patapita nthawi, "Mu Novembala inde. Pa Khirisimasi inde. Masiku ano ndikadzuka ndimayamba ndaganiza za ng'ombe, Maxine pambuyo. Ndiye ndimadziimba mlandu." Ndafunsa za makina ndi nkhuku. Wati msana ukupwetekadi, ndipo nkhuku zija ankadana nazo kuyambira kalekale, ankangozipirira chifukwa cha mkazi. Ndevu akuti anameta chifukwa anadziona pagalasi la kubanki n'kuganiza kuti ndi bambo ake.

Ndikhulupirire? Munthu amene watsimikiza akhoza kuyankhanso chimodzimodzi. Koma munthu amene wachira angayankhe bwanji mwina?

Dzuwa litatuluka wati kusitolo ya zakudya za ziweto anthu akunong'onezana kuti Merle ali ndi nkhani yokanena kulikulu, ya mnzake wina wachisoni. "Anzako achisoni alipo angati?" Ndinasowa pobisa nkhope. Ndati sindipita. Wati, "Upite. Lamulolo ndi lopusa. Ndipita nawe, ndikamve mmene ukandinenere."

Za mfuti yake sanatchulenso. Inenso ayi.

Lolemba, 27 Januwale

Foni tsiku lonse. M'mawa Duane: bilu aikonza, tsopano ikulola kusungira mnzako kwa mwezi umodzi. Ndati ndiye bwinotu. Wati ndi msampha, akufuna kutigawanitsa. Masana Duane yemweyo: zokonza zija azichotsa. Madzulo Kendra: sanazichotse, adzazivotera padera. Ndiye mawa ndikukatsutsa chiyani kwenikweni? Duane akuti, "Tsutsa zonse, tidzasankha pambuyo."

Mwezi umodzi. Munthu wakhala ndi mkazi kuyambira ali anyamata, chisoni chake achipatse mwezi umodzi. Ukatha, ndimubwezere kapena ndimangidwe.

Nkhosa yakhutu long'ambika ija yaswa nthawi isanakwane. Mapasa. Kamodzi kofooka, kali m'katoni pafupi ndi mbaula, Ardis akukamwetsa ndi botolo. Wandisitira malaya oyera. Ndayesa kulemba zokanena mawa, ndang'amba. Zikumveka ngati Duane.

Lachitatu, 29 Januwale

Dzulo sindinalembe, ndinafika wotheratu.

Ulendo wautali, msewu woterera. Verlin anavala suti ya pamaliro, alibe ina. Pakhomo la chipinda cha komiti mayi wina wakhala patebulo, akufunsa aliyense: mukuvomereza bilu kapena mukutsutsa? Ndati ndikutsutsa. Anafunsa Verlin. Wati, "Ndangoperekeza."

Chipinda chodzaza. Mbali ina athu, zipewa pamaondo. Mbali ina a maliboni oyera pachifuwa. Pakati kanjira, ngati paukwati wa mabanja odana. Aphungu kutsogolo, ena akusewera ndi mafoni.

Ambiri ankangobwereza zomwe anawalembera, a uku ndi a uko omwe. Kenako anaitana Mayi Pruitt. Ananyamula chithunzi cha mwana wawo wamwamuna, wa msinkhu wa Kendra. Anati ankaona kuti zinthu sizili bwino. Anamupempha mfuti yake, anakana. Anapita kupolisi, anawauza kuti palibe lamulo lowalola kuchitapo kanthu. Sanalire. Ananena zimenezo, anatchula tsiku la maliro, n'kukhala pansi. Kumbali yathu aliyense akuyang'ana chipewa chake.

Dzina lotsatira linali langa.

Ndinanena. Kuti ndine woweta nkhosa, kuti kwathu mfuti ndi chida ngati fosholo, kuti sindinalakwirepo munthu ndipo sindikuona chifukwa chopempherera chilolezo pa ufulu womwe ndinabadwa nawo. Kuti mnzanga wina anabweretsa yekha mfuti zake chifukwa kunalibe pepala, kunalibe wapolisi, kunalibe woonerera. Kuti lamuloli likanamutsekera khomo lomwe anathawirako. Ndinamaliza. Zonsezo ndikuzikhulupirirabe.

Phungu wina, mayi wa magalasi, anasiya kulemba. Sanali waukali. "Bambo Sandvig, mnzanuyo atabwera mawa kudzazitenga, inu mtima ukukayika, mungatani?"

Ndikati ndingamupatse, bodza. Ndikati ndingamukanize, ndavomereza bilu yawo.

Kumbuyo mpando unalira. Verlin waimirira. "Ndinabwera kale. Anandinamiza kuti kiyi wasowa." Wapampando wa komiti anamenya kanyundo, akuti bambo inu simunalembetse. Verlin wati, "Ndatha," n'kukhala pansi. Ena anaseka, ena ayi. Duane anatsinzina.

Panja ndiye mutu unaima. Duane anandimenya paphewa, akuti tawamaliza, nkhani yaonetsa kuti anthu amasamalana okha popanda boma. Asanachotse dzanja, anafika Mayi Pruitt. Anagwira dzanja la Verlin ndi manja awiri, nthawi yaitali. Kenako kwa ine: "Zikomo bambo. Mwanena zomwe ine ndinalephera. Pamafunika munthu wina akhale ndi mphamvu yokana." Ndiye ndathandiza ndani? Mtolankhani anafunsa ngati ndasintha maganizo. Ndati ayi. Anafunsa Verlin kuti ali mbali iti. Wati, "Mbali ya galimoto. Kukuzizira."

Pobwerera tinaima pamalo odyera. Anadya chitumbuwa cha maapozi, chake ndi changa. Ndati wadziulula wekha pamaso pa anthu onse aja. Wati, "Kumeneko sandidziwa. Kwathu akudziwa kale, chifukwa cha pakamwa pako." Kenako wati mayi uja ali ndi manja ozizira ngati a Maxine. Anagona mpaka pageti lake.

Lachisanu, 31 Januwale

Komiti sinavote. Akuti bilu aigawa pawiri, kapena aibweza kuti ikalembedwenso, zikutengera amene wakuuza. Duane akuti tapambana. Kendra akuti apambana. Kendrayo anandiona pakanema, koma chomwe wanena n'choti malaya aja anandikhala. Sindikudziwa ngati ndi chikhululuko.

Kamwana kofooka kaimirira, kakuyamwa kokha kwa make.

Masana Verlin wabwera. Sanapemphe. Wangoti nkhandwe zabweranso, ndipo ng'ombe ziwiri zatsala pang'ono kuswa. Tinaima pakhonde ngati alendo. Ndinaganiza za Mayi Pruitt ndi chithunzi chawo. Ndinaganizanso za tsiku lomwe ine ndidzakalambe, Kendra n'kumandibisira kiyi, n'kumandiuza bodza la mwana. Sindinganene kuti ndinasankha. Ndinangopezeka ndatsegula kabati, ndaima pambali.

Anaima nthawi yaitali. Anatenga yaitali imodzi, n'kuisuzumira ngati yachita dzimbiri. Kakafupi kaja sanakakhudze. "Zinazo zikhale kaye." Ndafunsa mpaka liti. "Mpaka ndidzanene. Ndipo ndikadzanena, udzandifunsenso funso lako lopanda ulemu lija."

Ardis anali pawindo, anaona zonse. Galimoto itapita wati, "Mwachita bwino." Anapukuta mbale imodzi, n'kuiika. "Kaya."

Loweruka, 1 Febuluwale

M'mawa, ndili m'khola, chidebe m'manja. Kulira kwa mfuti tsidya la chigwa. Kamodzi kokha.

Sindikukumbuka ndikuliza galimoto. Ardis akuti ndinasiya geti lotsegula, nkhosa anachita kuzibweza yekha. Njira yonse ndikungoti, ndamupatsa ndine, ndamupatsa ndine.

Ndinamupeza pampanda, mfuti m'manja, akutukwana. "Ndaiphonya. Inali pafupi ngati galimoto yakoyo." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Jekete lili kuti?" Ndinakhala pansi m'chipale momwemo. Iye anatembenuka, n'kumakonzakonza waya wa mpanda womwe unali bwinobwino, mpaka nditadzuka.

M'khitchini mwake anandifunditsa bulangete, anatereka khofi. Ndamuuza kuti akafuna kuwombera aziyamba waimba foni. Wati, "Ndizipempha chilolezo kwa iwe tsopano? Kamuuze Duane, aiike mu bilu." Sanakane. Sanavomerenso.

Duaneyo waimba madzulo. Gawo loyamba libwereranso kukomiti, akufuna ndikayankhulenso. Ndati ndipita, ndipo ndikatsutsa. Wafunsa za gawo lachiwiri. Ndati nkhosa zikuswa, ndimuimbira.

Verlin akuti mawa m'mawa aidikiriranso nkhandwe ija. Foni ndaiika m'thumba la ovololo, kulira kwake ndakweza mpaka pamapeto.